Senegal: zikutheka bwanji kuti asilikali sanalandepo boma chilandirireni ufulu?

NyaKatoto:

Akuluakulu, ndithandizeni. Gulu la mtsutso la achinyamata kuno ku Katoto likukambirana za kulanda boma m'maiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo dziko limodzi latizunguza mutu. Senegal ili pakati pa maiko asanu: Mauritania, Mali, Guinea, Guinea-Bissau ndi Gambia. Konseku asilikali analandapo boma, kwina kangapo konse. Ku Mali kokha zinachitika mu 1968, 1991, 2012, 2020 ndi 2021. Koma ku Senegal, kuyambira 1960 mpaka lero, sizinachitikepo. Ena akuti ndi chifukwa cha Chisilamu cha kumeneko, ena akuti ndi a France amene ankalondera bomalo. Chinanso chondidabwitsa n'choti pulezidenti woyamba anali Mkatolika m'dziko lomwe anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse ndi Asilamu, ndipo analamulira zaka 20. Zinatheka bwanji? Ndikufuna zaka, maina ndi m'mene zinthu zimayendera. Yankho loti "ndi anthu okonda mtendere" talimva kale, silikutikwanira.

Mkulu wa pa Luwinga:

Mayi, yambirani pa Disembala 1962, chifukwa mpamene boma likanagwa.

Senegal inalandira ufulu ili m'chitaganya ndi dziko lomwe lero timati Mali. Chitaganyacho chinangokhala miyezi iwiri, kuchokera pa 20 Juni mpaka pa 20 Ogasiti 1960, n'kuphwasuka. Mphamvu anazigawa pawiri: Léopold Sédar Senghor pulezidenti, Mamadou Dia mkulu wa nduna, ndipo Dia ndiye ankayendetsa boma tsiku ndi tsiku. Chuma chonse chinatsamira pa mtedza, monga fodya kwa ife kuno. Mlimi ankakongola mbewu ndi chakudya kwa wamalonda nthawi ya dzinja, n'kudzabweza ndi mtedza pa mtengo womwe wamalondayo wafuna. Dia anafuna kuthetsa zimenezi pokhazikitsa makopaletivu, kuti mtedza uzidzera m'manja mwa boma. Amene zinawapweteka anali makampani a ku France ndi mashehe akuluakulu omwe anali ndi minda ya mtedza yolimidwa ndi ophunzira awo.

Aphungu anakonza zomuchotsa. Pa 17 Disembala 1962 Dia anatumiza apolisi achisilikali kukatulutsa aphungu m'Nyumba ya Malamulo. Aphunguwo anakasonkhana kunyumba kwa sipikala wawo, Lamine Guèye, n'kuvota konko kuti boma la Dia lagwa. Taganizirani, akuluakulu awiri akukangana, aliyense akuitana asilikali kuti abwere kumbali yake. Mpata wotenga boma unalipo wonse. Asilikali anamvera pulezidenti, Jean Alfred Diallo anakhala mkulu wawo, ndipo anabwerera kubalaki. Dia anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, anakamutsekera ku Kédougou, kutali kumalire a Guinea, mpaka 1974. Zoti ankafunadi kulanda boma anthu ambiri a ku Senegal amatsutsa mpaka pano. Muiike nkhaniyi pafupi ndi mkangano wa Kamuzu ndi nduna zake wa 1964, muona kuti chiyambi chikufanana: mkulu mmodzi watsala yekha, anzake omenyera nawo ufulu ali m'ndende kapena athawa.

Mu 1963 Senghor anathetsa udindo wa nduna yaikulu. Pofika 1966 kunatsala chipani chimodzi, UPS, chaka chomwecho chimene ifenso tinakhala a chipani chimodzi. Njira zinasiyana pambuyo pake. Mu Meyi 1968 ophunzira a pa yunivesite ya Dakar ananyanyala, antchito n'kuwatsatira. Pa nthawi yomweyo France inali itasiya kugula mtedza pa mtengo wokondera, chilala chikuyamba, ndipo alimi anali atatopa ndi ONCAD, bungwe la boma logula mbewu, lomwe linadzatsekedwa mu 1980 lili ndi ngongole zosaneneka. Senghor anaona kuti kumangitsa kokha sikungamusunge. Mu 1970 anabwezeretsa udindo wa nduna yaikulu n'kuupereka kwa Abdou Diouf, wa zaka 34. Mu 1974 analola Abdoulaye Wade kuyambitsa chipani cha PDS. Mu 1976 anapanga lamulo loti zipani zikhale zitatu, chilichonse ndi mfundo zake zochita kupatsidwa ndi lamulolo: chake cha sosholizimu, cha Wade cha ufulu pa malonda, chachitatu cha chikomyunizimu. N'zoseketsa boma kusankhira otsutsa mfundo, koma munthu wokwiya anapeza khomo lolowera lomwe silinali la kubalaki.

Chaka chomwecho anasintha malamulo kuti pulezidenti akatula pansi udindo, nduna yaikulu imalize nthawi yake. Pa 31 Disembala 1980 anatuladi, Diouf n'kulowa mawa lake, osavoteredwa ndi aliyense mpaka 1983. Musawauze achinyamatawo kuti imeneyo inali demokalase, kunali kusiyirana mpando m'chipani. Koma anthu anaona ndi maso pulezidenti akuchoka yekha ali wamoyo, pa nthawi imene kwathu kuno tinali ndi wamuyaya.

Che Masasa:

Mkulu wa pa Luwinga wanena zoona, koma ndionjezere za mashehe, chifukwa apa mpamene anthu amaphonya.

Kunena kuti "ndi Chisilamu" sikuyankha kanthu. Mali, Guinea ndi Mauritania nakonso Asilamu ndiwo ambiri. Chosiyana ndi m'mene Asilamu a ku Senegal anadzikonzera. Ambiri ali m'matariqa anayi, kapena kuti magulu a Chisilamu otsatira chiphunzitso cha shehe woyambitsa: Tijaniyya, yomwe likulu lake lalikulu ndi Tivaouane ndi Kaolack, Muridiyya ya ku Touba, Qadiriyya yomwe ifenso kuno timaidziwa, ndi Layene ya m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Dakar. Tariqa iliyonse ili ndi khalifa wake, yemwe ndi mtsogoleri wamkulu, pansi pake mashehe, pansi pawo ophunzira. Kwa a Muridi wophunzira amadzipereka kwa shehe wake, amagwira ntchito m'munda mwake kapena amasonkha ndalama, ndipo shehe amamuthandiza pa malo olima, ngongole ngakhale mlandu. Woyambitsa tariqayi, Cheikh Amadou Bamba, anakhazikitsa Touba mu 1887, atsamunda a ku France n'kumuthamangitsira ku Gabon kuyambira 1895 mpaka 1902. Mwambo wa Magal, womwe umasonkhanitsa anthu mamiliyoni ku Touba chaka chilichonse, umakumbukira kuthamangitsidwa kumeneko.

Ndiye boma lomwe linalibe maofesi okwanira kumidzi linkafika kwa mlimi kudzera mwa shehe. Boma limapereka malo, ngongole, mijigo ndi misewu, shehe amapereka mavoti ndi bata. Senghor anagwirizana kwambiri ndi khalifa wa a Muridi, Falilou Mbacké, ndipo analipo potsegulira mzikiti waukulu wa Touba mu 1963. Chikatolika chake chinamuthandizanso: sanali wa tariqa iliyonse, ndiye panalibe yochita nsanje kuti mnzake walowa kunyumba ya boma. Ifenso tinavotera a Bakili Muluzi, Msilamu, mu 1994 m'dziko la Akhristu ambiri, ndiye zisatidabwitse kwambiri. Malamulo a dzikolo amanena kuti boma si la chipembedzo chilichonse, ndipo amaletsa chipani kudzitcha cha mtundu, chipembedzo kapena chigawo chimodzi.

Koma mphamvu imeneyi pa mavoti inatha pang'onopang'ono. Mu 1988 khalifa Abdoul Ahad Mbacké anapereka lamulo, lomwe iwo amati ndigël, loti a Muridi avotere Diouf. Achinyamata ambiri a m'tauni sanakondwe nazo, ndipo khalifa Saliou Mbacké, yemwe anatsogolera kuyambira 1990, sanaperekenso lamulo lotere. Mu 2012 shehe wina wotchuka, Béthio Thioune, analamula ophunzira ake kuvotera Wade, Wade n'kugonja ndithu. Lero ntchito yawo yaikulu ndi kuzimitsa moto. Mu Malichi 2021, Dakar itayaka, nthumwi za khalifa Mountakha Mbacké ndi zomwe zinapempha otsutsa kuimitsa zionetsero, ndipo anamvera. Msilikali wofuna kulanda boma ayenera kudzifunsa kuti Touba ndi Tivaouane anena chiyani mawa lake.

Monita wa ku Chibavi:

Ine ndikamba za voti yeniyeniyo, chifukwa kuyambira 2000 chimene chachotsa apulezidenti ku Senegal ndi bokosi.

Poyamba chisankho chinali chachinyengo poyera. Kulowa m'kachipinda kovotera sikunali kokakamiza, ndiye wolowamo ankadziulula yekha kuti ndi wotsutsa. Mu 1988 Diouf anapatsidwa 73 peresenti, Dakar inawira, boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, Wade n'kumangidwa. Pambuyo pake Diouf anamuika Wade m'boma ngati nduna mu 1991, ndipo zipani zonse zinakhala pansi motsogozedwa ndi woweruza Kéba Mbaye n'kulemba lamulo latsopano la chisankho la 1992. Kachipinda kanakhala kokakamiza, chala chizidindidwa inki yosafufutika, zaka zovotera zinatsika kufika 18, ndipo zipani zinapatsidwa malo pa siteshoni iliyonse.

Kavotedwe kake n'kosiyana ndi kathu. Aliyense wopikisana ali ndi pepala lakelake la mtundu wake ndi chithunzi chake. Wovota amatenga mapepalawo ndi envelopu, amalowa m'kachipinda, amaika limodzi mu envelopu, enawo n'kutaya. Opikisana akachuluka amaloledwa kutenga asanu okha kuti mzere uziyenda. Palibe kuchonga, ndiye mavoti owonongeka amachepa, koma ndalama zosindikizira zimakwera. Akatseka, amawerengera pomwepo pamaso pa aliyense, mamonita amapatsidwa pepala la zotsatira, lina amamata pakhomo. Kenako zimapita ku komiti ya m'boma lililonse yotsogozedwa ndi woweruza, n'kukafika ku khoti la apilo ku Dakar, ndipo lomaliza kulengeza ndi khoti la malamulo a dziko, Conseil constitutionnel. Wokonza chisankho ndi unduna wa za m'dziko, bungwe la CENA limangoyang'anira. Wopambana ayenera kuposa theka la mavoti, apo ayi awiri oyamba amapita ku ndime yachiwiri. Zimene ife tinazipeza ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, iwo anali nazo kalekale.

Ndime yachiwiriyi ndi imene imagwetsa maboma. Mu 2000 Diouf anatsogola ndi 41 peresenti, Wade 31. Moustapha Niasse, yemwe anatuluka m'chipani cha Diouf n'kukhala wachitatu, anapereka anthu ake kwa Wade, ndipo pa 19 Malichi Wade anapambana ndi 58 peresenti. Usiku umenewo atolankhani a wailesi zoima pazokha monga Sud FM ndi Walf FM ankaimba foni ali pakhomo la siteshoni, akuwerenga manambala pa wailesi. Pofika m'mawa panalibenso choti munthu asinthe, ndipo Diouf anaimbira Wade foni kuvomereza. Musaiwalenso kuti mu Januwale 1994 ndalama yawo ya CFA inagwetsedwa mphamvu ndi theka, zinthu zinakwera, anthu anali atatopa. Mu 2012 zinabwerezeka: Wade 35, Macky Sall 27, kenako otsutsa onse anagwirizana, Sall n'kutenga pafupifupi 66.

Pamene kuba pa siteshoni kunavuta, chinyengo chinasamukira pa khomo lolowera. Karim Wade, mwana wa pulezidenti wakale, anagamulidwa zaka 6 mu 2015. Khalifa Sall, meya wa Dakar, anamangidwa mu 2017. Onse awiri sanaime mu 2019. Milanduyo kaya inali yoona kaya ayi, chodabwitsa n'choti imagwera okhawo amene akuopseza mpando. Mu 2018 anabweretsanso lamulo la parrainage: wofuna kuima apeze masiginecha a ovota okwana 0.8 mpaka 1 peresenti ya kaundula, kuchokera m'zigawo zosachepera 7, chigawo chilichonse 2,000. Vuto lili apa: wovota mmodzi amaloledwa kusainira munthu mmodzi yekha. Dzina likapezeka kawiri, limawerengedwa kwa amene mapepala ake aunikidwa poyamba, winayo limachotsedwa. Chipani chachikulu chikasonkhanitsa masiginecha ochuluka kuposa ofunika, ang'onoang'ono amatsala m'madzi. Mu 2019 anadutsa asanu okha. Pofika 2024 anatsitsa chiwerengero, analola kugwiritsa ntchito aphungu kapena mameya, ndipo ndondomeko younikira mapepala anaichita mwa maere. Anadutsa 20.

Wa ku Zolozolo:

Achimwene nonse mwalemba bwino, koma mukulipaka mafuta dzikoli. Kusalandidwa boma si mtendere.

Kum'mwera kuli chigawo cha Casamance, chomwe Gambia inachidula kuchokera ku dziko lonse. Anthu a kumeneko, makamaka a mtundu wa Diola, ankadandaula kuti malo awo akugawidwa kwa obwera kuchokera kumpoto pogwiritsa ntchito lamulo la malo la 1964, ndiponso kuti Dakar imawakumbukira pa nthawi ya voti yokha. Ife a kuno kumpoto dandaulo lotere sitifunika kuchita kulimasuliridwa. Pa 26 Disembala 1982 anthu anayenda ku Ziguinchor n'kutsitsa mbendera ya dziko. Gulu la MFDC, lofuna kuti Casamance ikhale dziko palokha, lomwe mtsogoleri wake anali wansembe wa Katolika, Augustin Diamacoune Senghor, linadzatenga zida, ndipo nkhondo yakhala ikuzima n'kuyakanso kwa zaka zoposa 40, minda itadzaza mabomba okwirira. Mlatho wowoloka mtsinje wa Gambia unangotsegulidwa mu 2019. Usanamangidwe ambiri ankadalira sitima ya Joola, yomwe inkayendetsedwa ndi asilikali. Pa 26 Sepitembala 2002 inagubuduzika itanyamula anthu ochuluka kuposa katatu muyezo wake. Boma linavomereza kuti anafa 1,863, opulumuka 64 okha.

Mu 1989 mkangano wa abusa a ziweto ndi alimi m'malire a Mauritania unafika poti anthu anaphana m'misewu ya Dakar ndi Nouakchott, zikwizikwi n'kuthamangitsidwa mbali zonse ziwiri. Mu Meyi 1993 wachiwiri kwa wapampando wa khoti la malamulo a dziko, Babacar Sèye, anawomberedwa. Pakati pa 2021 ndi 2024 anthu oposa 60 anafa pa zionetsero, boma likudula intaneti ya m'mafoni ndi kutseka yunivesite ya Dakar miyezi yambiri.

Za asilikali, sindikana kuti ndi ophunzitsidwa bwino. Kuyambira nthawi ya Diallo anawapatsa ntchito zomanga misewu, milatho ndi zachipatala. Sankavota mpaka 2007. Amapita kwambiri kokasungitsa mtendere, komwe kuli ndalama ndi maudindo, ndipo Kaputeni Mbaye Diagne, yemwe anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda asanaphedwe mu 1994, anali wawo. Amatumidwanso kwa oyandikana nawo: Gambia mu 1981 kukabwezeretsa Dawda Jawara, Guinea-Bissau mu 1998, Gambia kachiwiri mu Januwale 2017 pamene Yahya Jammeh anakana kuchoka. Msilikali wotanganidwa ndi wolipidwa salota nyumba ya boma. Koma amene akuti France inkalondera sakunama kwenikweni. Asilikali ake anali ku Dakar kuyambira pa ufulu mpaka Julayi 2025. Chokhacho sichikwanira, poti analinso ku Niger ndi ku Côte d'Ivoire, komwe maboma analandidwa iwo ali pompo.

Ndipo chimene chinamuletsa Wade ndi msewu. Pa 23 Juni 2011 anatumiza bilu yoti pulezidenti ndi wachiwiri wake azipambana ndi 25 peresenti yokha, anthu n'kuona kuti akukonzera mwana wake. Anazinga Nyumba ya Malamulo, biluyo inachotsedwa tsiku lomwelo. Patangotha mwezi umodzi ife tinali ndi 20 Julayi, ndipo manda ake ali kuno ku Zolozolo.

NyaKatoto:

Zikomo kwambiri akuluakulu, yewo chomene. Chatsala n'chimodzi. Khoti la malamulo a dziko lija linalola Wade kuima kachitatu mu 2012. Nanga mu 2024 linalimba mtima bwanji kukaniza Macky Sall kuchedwetsa chisankho? Ndiponso Bassirou Diomaye Faye anaima bwanji ali m'ndende, pamene Ousmane Sonko, mtsogoleri wa chipani chawo chotsutsa, anakanizidwa?

Monita wa ku Chibavi:

Mayi, tiyambe ndi lachiwirilo. Lamulo linkachotsa munthu amene khoti lamupeza wolakwa ndipo ma apilo ake onse atha. Sonko anali ndi chigamulo cha miyezi 6 yoimikidwa pa mlandu wonyoza nduna, ndipo khoti lalikulu linachitsimikiza mu Januwale 2024. Faye anali m'ndende kuyambira Epulo 2023 koma mlandu wake unali usanazengedwe, ndiye pamaso pa lamulo anali wosalakwa. Chipani chawo cha PASTEF chinali chitathetsedwa mu Julayi 2023, koma anali atakonzeratu anthu angapo oti aime, podziwa kuti ena agwa pa khomo.

Tsatirani masiku. Chisankho chinali cha pa 25 Febuluwale. Pa 3 Febuluwale, kutatsala maola kuti kampeni iyambe, Sall anachiimitsa, ponena kuti pali mkangano pakati pa aphungu ndi khoti: chipani cha PDS chinkanena kuti oweruza awiri analandira ziphuphu pochotsa Karim Wade chifukwa cha unzika wa France. Pa 5 aphungu anavota kuti chisankho chidzachitike pa 15 Disembala, otsutsa atatulutsidwa m'nyumbamo ndi apolisi. Pa 15 khoti linafafaniza zonsezo. Kusiyana ndi 2012 kuli m'malemba. Nthawi ya Wade panali pozembera, ankati teremu yake yoyamba inayamba malamulo a 2001 asanabwere, ndiye siiwerengedwa. Koma mu 2016 Sall mwini wake anapititsa referendamu yomwe inatseka nkhaniyi, kuti kutalika ndi chiwerengero cha materemu sizingasinthidwe. Teremu yake inkatha pa 2 Epulo, ndipo kuchedwetsa chisankho mpaka Disembala kunali kuitalikitsa. Onjezerani kuti oweruzawo anali atangonenezedwa kumene za ziphuphu, anthu ali m'misewu, maepiskopi ndi mabungwe akudzudzula. Msonkhano womwe Sall anaitanitsa unapereka tsiku la 2 Juni, khoti linakananso, ndiye anaika pa 24 Malichi.

Lamulo lokhululukira milandu ya ndale linatulutsa Faye ndi Sonko pa 14 Malichi, kutatsala masiku 10. Faye anapambana ndime yoyamba yomweyo ndi 54 peresenti, Amadou Ba wa boma 36, ndipo analumbira pa 2 Epulo ali ndi zaka 44. Mu Novembala PASTEF inatenga mipando 130 mwa 165. Koma achinyamata anuwo muwauzenso ziwiri izi. Chikhululukiro chomwe chinawatulutsa chinaphimbanso amene anawombera anthu pa zionetsero, ndipo mabanja a ofedwa akulirabe nacho. Kenako mu Febuluwale 2025 khoti lounika ndalama za boma linapeza kuti ngongole ya dziko pakutha pa 2023 inali pafupifupi 100 peresenti ya chuma chonse cha pachaka, pamene boma lakale linkanena kuti ndi 74, ndipo IMF inali itaimitsa kale pulogalamu yake ya madola 1.8 biliyoni.